Mphindi Zisanu Tikangogoletsa Ndizo Zimatidya

Pa 28 July 2024, mu mzinda wa Nice ku France, ma Copper Queens anali patsogolo 5-2 pa Australia. Racheal Kundananji anali atangomwetsa chigoli chake chachiwiri pa mphindi ya 56, Barbra Banda ali nazo kale zitatu. Linali tsiku la Sondo madzulo, ndipo imwe amene munali pafupi ndi TV, kaya mu bar ku Matero kaya pa khonde la neba ku Chawama, mukumbuka phokoso lake. Pamene refa analiza wezulo yomaliza, bolodi inali kuwerenga 6-5, ndipo 6 ija siinali yathu.

Ambiri timakumbuka chigoli cha Michelle Heyman cha pa mphindi ya 90, chifukwa ndicho chinatigoneka nsima isanalowe. Koma tiyeni tiyang'ane wotchi ya gemu yonse. Barbra anagoletsa mphindi yoyamba isanathe, Australia inabweza pa 7. Anagoletsanso pa 33, Hayley Raso anabweza pa 35. Kundananji anamwetsa pa 56, ndipo pa 58 bola inali kale mu neti yathu. Katatu mu gemu imodzi, ise tikali kukumbatirana, anzathu ayamba kale kubweza nkhongole.

Mwina muti inali tsoka ya tsiku limodzi. Bwererani ku 2017, ku World Cup ya achinyamata a U-20 ku South Korea, timu ija ya ba Beston Chambeshi imene inali itangotenga chikho cha Africa pa Heroes Stadium muno mu Lusaka. Pokumana ndi Germany, Enock Mwepu anagoletsa pa mphindi ya 86, tili 3-1. Pa 89 Suat Serdar anachepetsa, nthawi yoonjezera isanathe zinali 3-3. Anatipulumutsa Shemmy Mayembe mu extra time, tinavina usiku wonse, nkhani ya zigoli ziwiri zija inaiwalika. Patapita masiku asanu chabe tinakumana ndi Italy, imene inasewera ndi anthu 10 kuchokera half-time isanakwane. Fashion Sakala anatiika patsogolo 2-1 pa mphindi ya 84. Pa 88 Federico Dimarco, uja manje mumamuona ku Inter Milan, anamenya free kick, 2-2. Mu extra time anatimaliza, semi-final ya World Cup inatipita pakamwa.

Achikulire athu ali nayo yawo. Pa 10 April 1994 ku Tunis, chaka chisanathe kuchokera pa ngozi ya ndege ya ku Gabon, timu yomangidwa mwatsopano inafika pa fainali ya Africa. Elijah Litana anagoletsa pa mphindi ya 3. Emmanuel Amunike wa Nigeria anabweza pa 5. Tinatsogola fainali kwa mphindi ziwiri chabe.

Osewera ndi ena, makochi ndi ena, amuna ndi akazi, pakati pa Tunis ndi Nice pali zaka 30. Koma bala lili pamalo amodzi: mphindi ziwiri, zitatu, zinayi pambuyo pa chigoli chathu.

Ku wayilesi ya m'dera kumene ndimathandizako pa pulogalamu ya zamasewera, mafoni a pa Mande pambuyo pa gemu yotere ndimawadziwa asanalire. Woyamba adzati kipa anagona. Wachiwiri adzati refa anadya ndalama. Wachitatu, ndi mawu otsika, adzati anyamata aja anatichita mankhwala pa golo. Wachinayi sakamba za bola, akamba za tikiti yake ya betting imene inafa pa mphindi yomaliza pamodzi ndi ndalama ya rent. Funso limene sililowa pa foni ndi ili: pamene tinagoletsa, aliyense wa anthu 11 aja anali kudziwa chimene afunika kuchita bola ikangoyambanso pakati?

Yankho labwino la funso limeneli lili mu masewera amene ambiri aise timangowadumpha tikamasintha ma channel: hockey ya pa aisi. Ndidziwa, aisi imene tiidziwa mu Kanyama ndi ya ice block, ndipo malaiti akapita nayonso imasanduka juwisi. Koma hockey yeniyeni si yachilendo kwa ise. Pa OYDC, pafupi ndi Heroes, pali bwalo la hockey ya pansi, ndipo anyamata a Zambia anamaliza pa nambala 4 mu hockey ya anthu asanu ku Youth Olympics ya ku Buenos Aires mu 2018. Ya pa aisi ndi mbale wake wa ku maiko ozizira, ku Canada, America, Sweden, Finland, Russia. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo ngati mpeni pansi pake, amagwira ndodo, ndipo mmalo mwa bola amakankha kachinthu kolimba kaphwatalala ka raba kotchedwa puck. Mbali iliyonse ili ndi anthu 6 pamodzi ndi kipa, gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Bwalo ndi laling'ono, liwiro ndi lalikulu, choncho zigoli ziwiri zitha kulowa munthu asanamalize kutsegula botolo. Ndiye chifukwa chake anthu a hockey anaiganizira kwambiri nkhani yosunga chigoli, kuposa mmene ise a bola tinaiganizirapo.

Chinthu choyamba chimene wa bola amadabwa nacho ndi chakuti mu hockey osewera amasinthana gemu ili mkati, osadikira wezulo. Mu ligi ya NHL timu imabwera ndi anthu 20, ndipo munthu sakhala pa aisi ngakhale mphindi imodzi yathunthu nthawi zambiri, ngati masekondi 45 chabe, kenako alumpha kubwerera pa benchi, wina alowa. Ndiye timu ikagoletsa, kochi amakhala ndi chisankho pomwepo: ndani ayambe puck ikagwa pakati? Kawirikawiri amene agoletsa aja amapita kukapumira pa benchi, mutu ukali wotentha. Amatuluka ndi gulu limene kochi amalikhulupirira, anthu osafuna kuoneka, amene ntchito yawo ndi kulowetsa puck mkatikati mwa dera la adani ndi kuikanikiza komweko. Makochi a hockey amaitenga nthawi imeneyi ngati gemu yaing'ono payokha. Adziwa kuti amene wamwetsedwa amabwera ndi mkwiyo, ndipo amene wagoletsa mutu wake ukali pa chigoli chija.

Ku bola sitingatulutse amene wagoletsa kuti akazizire pa benchi. Koma palibe lamulo loletsa kaputeni kuitana anzake pamene abwerera pakati ndi kuwauza kuti mphindi zisanu izi palibe amene achenjeretsa munthu mu dera lathu, palibe fawulo pafupi ndi bokosi, bola yoyamba tikailanda ipite ku kona ya kwawo. Ise timathera mphamvu pa kuvina. Sindidana nako kuvina, chonde, dansi ya pa kona ndi theka la chifukwa chimene timakondera Chipolopolo. Koma muone bwino tsiku lina pa ground ya mu komboni chigoli chikalowa: masapota alowa mu bwalo, kipa wathamanga mamita 80 kukakwera pa msana pa straika, difenda ali kukamba ndi chisumbali chake kumbali. Refa aliza wezulo, anthu atatu akali kupuma ngati anali kuthawa galu, ndipo amene afunika kuyang'ana nambala 9 wa adani sadziwa kuti ali kuti. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Wa ku Kanyama safunika kumumasulira mwambi umenewu mwezi wa February.

Chachiwiri ndicho chinandikoka kwambiri, lamulo lotchedwa icing. Kale, matimu a hockey akakhala patsogolo anali kuchita zimene timachita ise: akangolanda puck, aimenya ndi mphamvu zonse kuti ikafike kumapeto kwa bwalo, adani aithamangire, abwere nayo, aimenyenso, mpaka nthawi ithe. Masapota anatopa nazo, ndipo mu 1937 NHL inaika lamulo. Ukamenya puck uli ku mbali yako ya mzere wapakati, ikadutsa mzere wa golo la adani popanda woikhudza, gemu imaima ndipo ikayambiranso pafupi ndi golo lako. Mu 2005 anaonjezera chilango: timu imene yachita icing siiloledwa kusintha osewera pa nthawi imeneyo. Tangoganizani. Mwatopa, mapapo ali kuyaka, mwamenya puck kutali kuti mupume, koma refa aibweretsa pakhomo panu, imwe omwewo otopa muli pomwepo, adani alowetsa anthu asanu atsopano. Chaka chomwecho anaikanso lamulo lakuti ukaponya puck kunja kwa bwalo, pamwamba pa galasi, uli mu dera lako, ukakhala panja mphindi ziwiri timu yako isewere yoperewera.

Mwana wa hockey amakula adziwa kuti kuchotsa mwa mantha kuli ndi mtengo. Amaphunzira kunyamula puck mpaka awoloke mzere wapakati, kapena kuipereka kwa mnzake, ndiye aiponye mkati. Kumeneko adani afunika kuyenda bwalo lonse kuti afike pa kipa wako.

Manje bwerani ku ground ya mu George kapena ku Mtendere, pa tonamenti ya holide, timu ili patsogolo 1-0, kwatsala mphindi 15. Mawu amene mudzamva kumbali ndi amodzi: "Chotsa! Chotsa!" Ndipo apa ndifuna tiwachitire chilungamo ba kochi a mu komboni, chifukwa si opusa. Kuchotsa kumagwira ntchito pa ground yathu. Bola ili imodzi chabe. Ukaimenya bwino idumpha mpanda, igwera mu yadi ya amai amene anatopa kale ndi mazenera osweka, ndipo mwana amene wapita kukaipempha atha mphindi zitatu ali kupepesa pa geti. Nthawi ya mvula igwera mu ngalande, aivuule ndi mtengo. Refa wotchi yake ndi foni, dzuwa lili kulowa, pali gemu ina imene idikira ground yomweyo, sadzaonjezera kalikonse. Kumenya kanayi kotere, gemu yatha, mbuzi ya mphoto mwatenga. Mwana wa zaka 13 waphunzira phunziro limene adzalikhulupirira moyo wake wonse: ukatsogola, bola ndi mdani, ichotse.

Mwana yemweyo akafika pa bwalo lalikulu apeza dziko lina. Mabola ali mbali zonse. Ukamenya kunja, ina ili kale m'manja mwa mdani iwe usanatembenuke. Nthawi imene wagona pansi refa aisunga, ndipo kuchokera pa World Cup ya ku Qatar mu 2022 tazolowera kuona mphindi 8 kapena 10 zoonjezera. Malamulo a bola akhala ali kutseka mabowo amenewa kwa nthawi yaitali: mu 1992 analetsa kipa kugwira bola yobwezeredwa ndi phazi la mnzake, ndipo kuyambira 2025 kipa akaisunga m'manja kupitirira masekondi 8 adani apatsidwa kona. Bola ili kuyenda njira imene hockey inayenda kale. Chida chimene mwana wathu anachinola zaka zonse mu komboni chimathyoka tsiku limene achifuna kwambiri, ndipo china alibe.

Ndiye ngati si kuchotsa, timu imene ili patsogolo ichite chiyani? Anthu a hockey ali ndi yankho lotchuka, ngakhale masapota ambiri sanalikonde. Bwalo lawo lagawidwa patatu ndi mizere iwiri ya buluu: dera lako, dera lapakati, dera la adani. Mu 1995 timu ya New Jersey Devils, pansi pa kochi Jacques Lemaire, inatenga Stanley Cup ndi njira imene amaitcha trap, kutanthauza msampha. Munthu mmodzi amapita kutsogolo, osati kukalanda puck, koma kutseka pakati kuti wonyamula puck akakamizike kupita kumbali, ku chipupa. Anayi ena amudikira mu dera lapakati. Akafika pamenepo apeza njira yatha, puck yalandidwa, ndipo popeza anzake anali kuthamangira kutsogolo, kumbuyo kwawo kuli pululu. Muone pamene msampha watcheredwa: pakati pa bwalo. Mlimi amene atchera mbewa pakhomo la nkhokwe wachedwa kale, amatchera ku munda kumene zichokera.

Izi ndi zosiyana ndi zimene timatcha kupaka basi. Basi yathu timaipaka mkati mwa bokosi, anthu 10 pamzere umodzi, straika nayenso wabwerera kudzaima pa phazi la kipa. Bola ikachotsedwa palibe woilandira kutsogolo, ndiye ibwerera pomwepo ngati mwaimenyetsa ku chipupa. Ikabwera kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, wina adzachedwa ndi theka la sekondi, adzakoka jezi kapena kutambasula mwendo, ndipo refa adzaloza pansi. Zindikirani kuti zigoli zambiri zimene ndatchula pamwambapa zinachokera pa bola yoima. Dimarco anamenya free kick. Steph Catley wa Australia anamenya free kick pa 65 ndi penati pa 78. Bola yoima pafupi ndi golo lako ndi malipiro a kukhala nthawi yaitali pakhomo pako. Mu hockey fawulo yopusa ikuchotsera munthu kwa mphindi ziwiri, choncho timu imene ili patsogolo imasamala ndodo zake ngati mazira. Ku bola chilango chake sichioneka msanga, koma Dimarco akaima pa bola chimakhala chachikulu kuposa mphindi ziwiri.

Musaganize kuti a hockey eni ake sagwa mu dzenje limeneli. Pa 13 May 2013, Toronto Maple Leafs inali patsogolo 4-1 pa Boston Bruins, mu gemu yachisanu ndi chiwiri, yomaliza, ya mpikisano wa playoffs, kwatsala mphindi zosakwana 11. Boston inabweza chimodzi. Toronto inapitiriza kubwerera kumbuyo. Kumapeto Boston inachita zimene timu iliyonse ya hockey imachita ikakhala kumbuyo: inatulutsa kipa, Tuukka Rask, ndi kulowetsa wosewera wachisanu ndi chimodzi, golo lili lopanda munthu. Milan Lucic anagoletsa kwatsala mphindi imodzi ndi masekondi 22. Patrice Bergeron anagoletsa kwatsala masekondi 51, ndipo yemweyo anamaliza nkhani mu nthawi yoonjezera, 5-4. Ku Toronto ukangonena kuti "4-1" mpaka lero anthu amayang'ana pansi, monga ise tikamva "5-2". Amene amawerenga manambala a hockey anaona kalekale kuti timu ikakhala patsogolo imayamba kuwombera pang'ono ndi kuwomberedwa kwambiri, ngakhale ikhale timu yamphamvu. Ndi chibadwa cha munthu: amene ali ndi kanthu m'thumba amayenda mogwira thumba.

Chitsanzo cha mbali ina chili ku Lake Placid, pa Olympics ya 1980. Anyamata a ku makoleji a ku America anatsogola 4-3 pa Soviet Union, timu imene inali yoopsa kuposa onse pa dziko, kwatsala mphindi 10 zathunthu. Kochi wawo Herb Brooks sanawalole kukabisala kwa kipa. Anapitiriza kusintha anthu pafupipafupi kuti miyendo ikhale yatsopano, anapitiriza kupita kutsogolo mpata ukapezeka, ndipo 4-3 inakhala 4-3. Ise tili nayo yathu yofanana nayo: Zambia 4, Italy 0, ku Olympics ya 1988 ku South Korea, Kalusha Bwalya zitatu. Anthu aja atatsogola 1-0 pa half-time akanabwerera kukakhala mu bokosi, lero bwenzi tilibe nkhani yosimbira ana.

Ndidziwa pali amene ali kale ndi yankho: nanga 2012? Si kutchinga kumene kunatipatsa chikho? Inde, ndipo ndi umboni wabwino kuposa wonse, koma tiuone bwinobwino. Gemu yoyamba ku Bata, tinatsogola 2-0 pa Senegal mkati mwa mphindi pafupifupi 20, Emmanuel Mayuka ndi Rainford Kalaba. Senegal, yodzaza ndi ma straika a ku Ulaya, inapeza chimodzi chabe, ndipo tinasunga 2-1. Pa semi-final ndi Ghana, Kennedy Mweene anagwira penati ya Asamoah Gyan kumayambiriro, tinapirira, kenako Mayuka, amene analowa kuchokera pa benchi ndi miyendo yatsopano, anagoletsa pa mphindi ya 78. Pa fainali ku Libreville, pa 12 February, Ivory Coast ya Didier Drogba ndi Yaya Touré siinagoletse mphindi 120. Timu ya Hervé Renard inali kutchinga, zoona. Koma Stoppila Sunzu ndi Hichani Himonde sanali okha. Patsogolo pawo panali Nathan Sinkala ndi Isaac Chansa kutseka pakati, ndipo bola ikalandidwa panali Kalaba ndi Christopher Katongo oilandira ndi kuisunga, kuti adani nawonso aziyang'ana kumbuyo kwawo. Ambiri a iwo anali atasewera pamodzi zaka zambiri, aliyense adziwa pamene mnzake aima. Umenewo ndi msampha wa Lemaire uli pa udzu. José Mourinho nayenso, pamene Inter inapirira ku Barcelona mu 2010 ndi anthu 10, sanangoti anyamata bwererani Mulungu atithandize. Anali ataiphunzitsa. Kutchinga kophunzitsidwa ndi kuthawira kumbuyo zimaoneka zofanana pa TV, koma mwa ziwirizi chimodzi chokha chili ndi munthu amene adziwa kumene bola ipite akailanda.

Pali zina zimene sindingazikane. Australia ili ndi ndalama, madokotala, magemu okonzekera ndi benchi yakuya kuposa yathu, ndipo mwendo wotopa pa mphindi ya 80 suumvera plan iliyonse. Atsikana amene anamwetsa Australia zigoli zisanu safunika kunyozedwa ndi munthu amene sangathamange kuchoka pa Kalingalinga kufika pa UNZA. Koma kutopa nakonso kuli mu nkhani yomweyi. Timu imene ithamangitsa bola kwa mphindi 20 osaigwira imatopa kuposa imene ili nayo. Kupuma kwenikweni mu gemu ndi mapasi asanu otsatizana mu dera la adani, kona imene mwaipeza kutali ndi golo lanu, fawulo imene akuchitirani iwo chifukwa akwiya. Ndipo popeza masiku ano kochi aloledwa kusintha anthu asanu, nkhani ya miyendo yatsopano yayandikira ku hockey. Funso ndi lakuti ulowetsa ndani. Chizolowezi chathu ndi kuchotsa straika ndi kuika difenda wachisanu, uthenga kwa adani wakuti bwerani, sitidzakuvutaninso. Nthawi zambiri chimene chifunika ndi munthu wapakati wa mapapo atsopano, ndi wothamanga mmodzi kutsogolo woti madifenda awo awiri asayerekeze kuwoloka mzere.

Zonsezi sizidikira FAZ kapena kochi wochokera kunja. Zili m'manja mwa anthu amene amanyamula makoni ndi mabibu mu thumba la saka Loweruka m'mawa. Ba kochi a U-13 ku Chawama atha kuyamba gemu ya pa training ndi mawu akuti ofiira muli patsogolo 1-0, kwatsala mphindi 10, tiyeni. Aikepo icing yathu: amene wamenya bola kutali popanda mnzake amene anali kumufuna, adani apatsidwa kona. Poyamba ana adzaluza bola pafupi ndi golo lawo, adzamwetsedwa, makolo kumbali adzakuwa kuti chotsa. Asiyeni amwetsedwe pa Chitatu pa fumbi, pamene mtengo wake ndi kusekedwa chabe. Makona ndi ma free kick otchinga aziphunzitsidwa kumapeto kwa training, ana atatopa kale, chifukwa mu gemu amabwera nthawi imeneyo. Ndipo chigoli chilichonse cha pa training chizitsatidwa ndi lamulo limodzi: mukamwetsedwa mkati mwa mphindi zitatu mutagoletsa, chigoli chanu chija chafafanizidwa. Mudzaona mmene kipa adzalekera kuthamanga mamita 80.

Amene mumakonza matonamenti, kaya ndi a tchalitchi, a sukulu kapena aja amabwera ndi ma T-shirt chaka cha masankho, gawo lanu ndi losavuta kuposa lonse. Mphoto yoyamba ichepe pang'ono, ndalama imeneyo mugule mabola atatu. Ikani mwana ndi bola kumbuyo kwa golo lililonse ndi wina pa mzere wapakati, kuti ikadumpha mpanda gemu ipitirire pomwepo, wokapepesa kwa amai aja apite payekha. Kwa ana aang'ono lolani kusinthana momasuka ngati mu hockey, wotopa atuluke, apume, abwererenso. Ndipo refa mumupatse munthu wina wosunga nthawi, amene adzaimitsa wotchi kipa akagona pansi kugwira bondo limene silinakhudzidwe ndi aliyense.